Khutu la a Makina

Ku Chiwalo kuno, bambo aliyense waimvi ankadziwa kuti akapita kukataya madzi kuseri kwa mpanda wa pabawo, a Makina akumvetsera. Mkuluyu anatha zaka makumi atatu akuyendera mapaipi a madzi ochokera kuphiri, kugunditsa khutu pansi kuti amve pomwe patsekeka. Ntchito anapuma, koma khutu linakana kupuma.

Kuseriko anagonekako dala lata lakale. Munthu akayamba, iwo ankatsinzina, nkhomo za bawo zili m'manja, kumwetulira ngati akumva mvula yoyamba ikutsika m'phiri la Michesi.

"A Fraser, mwaima kanayi panjira ngati minibasi. Usiku mumadzuka kangati?"

"Kawiri basi."

"Bodza. Lata lanena kasanu."

Wina ankamuuza kuti akayezetse shuga, koma ambiri ankamva zofanana: "Prositeti, ija ya pansi pa chikhodzodzo, yakula, ikufinya paipi. Mawa kuchipatala."

Vuto linali chala cha dokotala choyezera kumbuyo kuja. Amuna opha njoka ndi manja ankanjenjemera nacho. A Makina ankangowakweza panjinga. "Chala ndi mphindi imodzi, achimwene, manda ndi mpaka kalekale." A Fraser anabwerako ndi mapiritsi, ndipo patatha mwezi lata linalira mpaka a pabawo tonse tinaomba m'manja.

Ine anandiuza kawiri. Ndinaseka, n'kuyamba kumakataya madzi kutali, m'munda wa nandolo.

Chomwe sitinachione n'chakuti eni akewo palatapo sanaimepo n'kamodzi komwe. Tinamva pamaliro awo, kwa akazi awo a Aliness.

"Zaka ziwiri akudontheza ngati mpopi wa m'chilimwe. Ndikati tiyeni kuchipatala, ankati mawa. Chala chija ankachiopa kuposa nonsenu."

Anapitako mkodzo utatsekekeratu, impso zitatopa kale. Ndinawakwiyira, ndipo ndimawasowa koopsa.

Bawo tikusewerabe, koma kuseri kuja munthu umapita wekha, n'kubwerako wekha. Lata lachita dzimbiri. Dzulo, nkhungu itakuta phiri, ndinakaimapo. Tho, tho, kenako zii. Ndinatembenuka kudikira mawu aja, koma pampando pawo panali nkhuku. Ndiye kuti lata ndinalimva ndekha.

Kani sindinali ndekha. M'mawa uno a Fraser aimika njinga pakhomo panga.

"Ndinamva dzulo. Kwerani."

Ndakwera.