Nkhondo ya Dzina Lapakati la Vitumbiko Luhanga

Khalani pansi, inu a ku Hewe, tsamiritsani makasu kukhoma, ndipo amene muli ndi ana kumbuyo muwagwedeze atonthole, pakuti yafika nthawi yonena za nkhondo imene inagwa m'chigwa chino m'masiku a zipani zambiri, zaka zija makuponi a feteleza ankafika chimanga chili m'mawondo, netiweki ya foni ikupezeka pa chulu chimodzi chokha kuseri kwa chigayo, ndipo munthu aliyense, ngakhale wopanda nsapato, anali atauzidwa pa wailesi kuti ali ndi ufulu wonena maganizo ake. Ufulu umenewu ndi umene unatsala pang'ono kumanitsa mwana katemera.

Ngwazi ya nkhaniyi ndi Lena NyaMwale, Mchapa-matewera-kusanache, Mkazi-wosataya-chigubu, mwana wa matenanti a fodya ochokera ku Kasungu, amene sukulu anaisiyira Sitandade 7 koma masiku a pa kalendala amawasunga kuposa mlembi wa mpingo. Iyeyu anakwatiwa ndi Brightson Luhanga, ng'ombe zinapita kwawo monga mwa mwambo, ndipo m'mwezi wa Okutobala anabereka mwana wamkazi wa makilo atatu. Anabwerako kuchipatala pa kabaza, nalowa m'chikuta.

Tsono kwa a Luhanga kuli lamulo losalembedwa paliponse, koma lolimba kuposa malamulo a dziko. Mwana sadutsa pakhomo mpaka mchombo utagwa ndiponso mayina ake onse atatchulidwa, ndipo mwamuna wakunja salowamo. Dzina loyamba amatchula ndi agogo aamuna. Lapakati ndi la ankhazi, amene kwawo kwa Lena amati azakhali.

Mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chiwiri. A Horace, apongozi a Lena, anaima panja nati, "Vitumbiko." Atatero anabwerera kukathirira nazale ya fodya, ndipo olemba mbiri onse amavomereza kuti m'nkhondo yonseyi munthu wanzeru anali yekhayo.

Pamenepo magulu awiri ankhondo ananyamuka. Kuchokera ku mapiri a Nchenachena kunatsika a Isabella NyaLuhanga, mlongo wa a Horace, mphunzitsi wopuma, Mkango-wa-amayi-a-Umanyano-kutchalitchi, Wothyolera-marula-m'zikhatho-za-mibadwo-itatu, atanyamula Baibulo, ambulera ndi chikwama cha munthu amene sakubwerera msanga. Kuchokera ku Mzuzu kunakwera Tryness, mlongo wa Brightson, Woluka-tsitsi-la-akazi-a-mabwana, Mwini-foni-ya-galasi-losweka, nsapato zake zikuboola nthaka ngati akubzala nyemba. Anakumana pakhonde, napatsana moni wautali kwambiri, mtundu wa moni umene anthu amapatsana akadziwa kuti kukoma kwathera pomwepo.

"Ine ndine ankhazi a bambo a mwanayu," anayamba motero a Isabella, "ndiye kuti ndine ankhazi a ankhazi. M'banja lino dzina lapakati limachokera m'buku la ubatizo. Agogo anga anali Isabella, ine Isabella, mwanayu Isabella. Dzina lapakati ndi msana wa munthu: siluoneka, koma ndi limene limamuimika pamene akulandira satifiketi."

"Yewo chomene, ankhazi," anayankha Tryness, "koma mlongo wa Brightson ndine, ndipo mwanayu ndi wa Brightson, si wa adada. Isabella ndi dzina la munthu wobadwa ali kale ndi nyamakazi. Ku Mzuzu ana a chaka chino ndi a Favour, a Shanice, a Princess. Uyu ndi Princess."

"Princess? Bambo ake ndi mfumu ya kuti? Brightson ali ndi mbuzi ziwiri, ina yotsimphina."

"Ndiye Favour."

"Limenelo ndinaliwerenga kumbuyo kwa minibasi."

Nkhondo inabuka, ndipo inafalikira ngati moto wa ku Vwaza m'chilimwe. Tryness anabwerera ku saluni yake, koma sanasiye kumenya: tsiku lililonse ankatumiza mauthenga a mawu, ndipo Brightson, Wothawira-ku-shedi-ya-fodya, Munthu-wa-zonse-ndi-zabwino, ankakwera chulu kukawatsitsa, kudzawaliza pakhonde, kenako kujambula yankho la a Isabella, limene nthawi zambiri linkatha batire lisanafike pa mfundo. A Isabella anamanga msasa pabalaza, akumwa tiyi wa Lena kawiri pa tsiku. Pa mjigo amayi anagawikana. Ena ankati Grace ndi dzina losachititsa manyazi, ena nati kalasi iliyonse ili ndi a Grace asanu ndipo aphunzitsi amachita kuwapatsa manambala. Ena ankati Faith, ena Mercy, ena nati a Mercy onse amene amawadziwa ndi ankhanza. Panali kagulu kofuna Lusungu kapena Temwa, koma kanagonjetsedwa msanga, poti dzina la Chitumbuka linali litakhala kale kutsogolo. Amayi awiri amene anaphikira limodzi pa maliro zaka khumi anasiya kubwerekana chipande chifukwa cha Precious.

Chikuta chimene chimatha sabata imodzi chinafika masabata asanu. Ndipo m'masiku onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa Lena.

Lena sankawerenga mayina, ankawerenga masiku. Pa kalendala ya wogulitsa mbewu imene inali kukhoma anali atazunguliza Lachinayi ndi khala. Tsiku limenelo mwana akwanitsa masabata asanu ndi limodzi, ndipo ndi tsiku lomwelo limene a Manasseh, alangizi a zaumoyo, amabwera pa njinga ndi bokosi la katemera kudzachititsa sikelo pansi pa mtengo wa mango wa kusukulu, kamodzi pa mwezi. M'mudzimo munali mutalowa chifuwa chokoka mtima, ndipo makanda awiri anali atawatengera kale ku chipatala cha ku Boma. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Nyika. Likadutsa Lachinayi limeneli, mtsinje udzaza, ndipo njinga ya a Manasseh siwoloka.

Anayesa kaye zokambirana, monga amachitira atsogoleri akuluakulu. Anagwada pamaso pa a Isabella.

"Ankhazi, Lachinayi ndi sikelo."

"Mwana wosakwanira mayina sapita pagulu, mkamwana. Uza mlamu wako agonje."

Anatumiza uthenga ku Mzuzu: "Alamu, gonjani, mwana abayitse." Yankho linabwera la mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo pamapeto pake Tryness analengeza kuti Lachinayi afika yekha.

Mwina wina anganene kuti bwanji sanangomubereka mwanayo n'kutuluka. Wonena zimenezo sanakhalepo mkamwana. Lena ankadziwa kuti akadutsa naye pakhomopo, chimfine chilichonse, chipere chilichonse, ngakhale kulephera masamu Sitandade 5, zonse adzati ndi chifukwa cha NyaMwale amene anatulutsa mwana wopanda dzina. Mlandu wotero munthu amafa nawo.

Lachinayi m'mawa, Tryness atafika ndipo magulu awiri atayang'anizana pakhonde, Mchapa-matewera-kusanache anaitana mwamuna wake.

"A Luhanga, pitani kumtengo. A Manasseh akamaliza abwere kuno."

"Koma amama a mwana, ankhazi anena kuti..."

"Mukapanda kupita, matewera a lero muchapa ndinu. Pa mjigo. Masana."

Akuti chiyambire chigwa cha Hewe palibe mwamuna anathamangapo ngati mmene anathamangira Brightson tsiku limenelo.

Dzuwa lili pamutu a Manasseh anatulukira akukankha njinga, ndipo pambuyo pawo pankabwera sikelo yonse, amayi makumi atatu ndi ana kumbuyo, pakuti palibe anafuna kudzamva nkhaniyi kwa mnzake. A Isabella anaima pakhomo, ambulera ataipingasa.

"Mwamuna salowa. Mwana satuluka. Ndanena ine NyaLuhanga."

Pamenepo windo la matabwa la kuchipinda linalira kweee, ndipo nkhope ya Lena inaonekera.

"Ankhazi, pakhomo sadutsa, ndamva. Nanga pawindo?"

A Isabella anatseka maso, nayendayenda m'malamulo onse a makolo, kuyambira agogo awo mpaka amene anawoloka nyanja ndi makasu. Koma nyumba za makolo zinalibe mawindo, ndipo pa nkhani imeneyi sanasiye mawu aliwonse. Asanatsegule maso, kamwendo kakumanzere ka Vitumbiko kanali katatuluka kale panja, kakupalasa mphepo.

A Manasseh, munthu amene anaona zambiri pa ntchito yake, sanafunse kanthu. Anavala magolovesi, napukuta kantchafu, nabaya. Kamwendo kanabwerera m'nyumba, kakumanja kanatuluka, nabayanso. Kenako kunatuluka kamutu, nadonthezera mankhwala m'kamwa. Motero mwana wa a Luhanga anafika kunja chiwalo chimodzichimodzi, osaphwanya lamulo ndi limodzi lomwe.

Ndipo analira. Analira kulira kumene kunaimitsa chigayo, nkhuku n'kuthawira pansi pa nkhokwe.

"Mwamva?" anafuula a Isabella. "Akulirira dzina!"

"Ndi jakisoni, amama," anatero a Manasseh.

Palibe anawamva. Aliyense ku Hewe amadziwa kuti mwana akamalirira dzina, mumatchula mayina limodzilimodzi, ndipo limene watontholera ndi lakelo. A Manasseh anapuma mozama, natsegula kabuku ka kusikelo kamene Lena anawapatsira pawindo, kamene pachikuto panali pongolembedwa kuti mwana wa Lena.

"Chabwino, tchulani. Koma mzere wake ndi uwu, ndi waufupi, ndipo ndikufuna ndikafike mudzi winawo ayezi asanasungunuke."

Apa ndi pamene panachitikira nkhondo yaikulu ya pawindo, imene ana a ana athu adzaimva. A Isabella anaponya ambulera pansi, nasendera pafupi.

"Isabella!"

Mwana anakweza mawu.

"Princess!" anakuwa Tryness.

Mwana anakwezanso.

M'chipindamo, kunsi kwa windo kumene maso a ankhondo sankafika, Lena anali atakhala pamphasa, mwana pamiyendo, bere lili m'dzanja pansi pa chitenje, mkaka ukudontha pa bondo. Anadziuza kuti apirira mayina khumi basi, likakwana lakhumi amuyamwitsa, ngakhale dzinalo litakhala la mbuzi. Ndipo ankayesa dzina lililonse mmene amayesera tomato pamsika. Isabella: zilembo zisanu ndi zitatu, kuphatikiza za Vitumbiko, mwana azidzamaliza kulemba dzina anzake atatuluka m'mayeso. Princess: adzasenza ndowa ngati wina aliyense, asamunamize.

"Margaret!"

"Favour!"

Dzina la Favour, Lena mwini sankadziwa bwinobwino kalembedwe kake, ndipo mayi ayenera kutha kulemba dzina la mwana wake kuchipatala popanda kupempha munthu.

"Agnes!"

"Shanice!"

Zida za akuluakulu ankhondo zinayamba kutha, ndipo amayi a sikelo analowerera osaitanidwa.

"Grace!"

"Precious!"

Mayina anakwana asanu ndi atatu. Mwana anali atafiira ngati tsabola. Kenako kuchokera kumbuyo kwenikweni kwa gulu, cha ku khola la mbuzi, mawu ena anati:

"Joy!"

Zilembo zitatu. Lena anazilemba ndi chala pa mphasa, zonse zinatuluka bwino. Analowetsa bere.

Kunagwa bata limene silinamvekepo ku Hewe chiyambire zipani zambiri. Anthu anamva mbuzi yotsimphina ikutafuna.

"Joy," anatero a Isabella pang'onopang'ono, akutola ambulera. "Chimwemwe. Agalatiya 5, chipatso chachiwiri cha Mzimu. Linali pa lilime langa chifikireni."

"Mwana wa kasitomala wanga, mkazi wa bwana wa ku banki, ndi Joy," anatero Tryness. "Linali lotsatira pa foni yanga."

Amene anafuula dzinalo sakudziwika mpaka lero, ngakhale amayi asanu ndi awiri amalumbira kuti anali iwo. A Isabella analitchula mwamwambo, dzanja lili m'mwamba. Tryness analitchulanso mokweza pang'ono, kuti mbiri isasokonezeke. A Manasseh analemba, ndipo linakwana pamzere, malo n'kutsalako.

Mtendere unakhazikitsidwa madzulo omwewo ndi ulemerero wonse. Mwana amene miyendo ndi mutu zinali zitaona kale dziko anatulutsidwa pakhomo ngati sanatulukepo, a Isabella atagwira kumutu, Tryness kumiyendo, aliyense akukokera pang'ono kwake. Anaimba nyimbo ya m'buku mavesi onse asanu ndi awiri. Botolo limodzi la Sobo linasungunulidwa kuti likwanire anthu makumi anayi ndi atatu, mpaka amene anamwa pomaliza ankangomva mbiri yake. Brightson anayankhula m'malo mwa banja, nati zonse ndi zabwino, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuombera m'manja. Pomaliza akuluakulu ankhondo awiri anagwirana chanza pamaso pa mboni, napangana pangano losatha: mwana wamkazi wotsatira adzamutchula ndi a Isabella, wotsatira pamenepo Tryness, ndipo akadzabwera wachinayi adzakhalanso pansi.

Lena anamva zonsezi ali chiimire pawindo, kabuku ka kusikelo akukakulunga mu pepala la pulasitiki la shuga kuti kasanyowe. Anaona a Manasseh akumangirira bokosi pa njinga, nawakodola.

"A dokotala, wachiwiri ndi liti?"

"Pakatha masabata anayi, amama. Mtsinje ukadzaza mudzabwere naye kuchipatala, muzungulire kumlatho."

"Ndidzabwera naye wapansi. Nanga za kulera zija, mumachita tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo."

"Mundilembe."

Umu ndi mmene inathera nkhondo ya dzina lapakati, imene inatenga masabata asanu, tiyi mapaketi atatu ndi ubwenzi wa amayi awiri. Vitumbiko Joy Luhanga chifuwa chija sichinamugwire. Pano ali Sitandade 2, ndipo kunyumba, kusukulu ndi kutchalitchi, ngakhale ankhazi ake onse awiri, aliyense amamuitana kuti Vitu.