Ukwati wa a Zuze ndi Madzi a Tadala

Lolemba

Komiti yakumana pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi. Maola atatu, chomveka palibe! Chonsecho nkhani ndi yaifupi. Kwa mayi Nambewe kuli ana anayi amasiye, onse osaona. Wamng'ono, Tadala, miyendo ikuuma. Chaka chatha ankayenda chogwira khoma, lero akukwawa. Adokotala a mafizo, owongola ziwalo aja, akuti azichita masewera m'madzi, poti madzi amanyamula thupi, mawondo n'kumasuka. Dziwe losambiramo lili pa loji ina ku Boma. Pakufunika ya minibasi ndi yolowera, sabata ndi sabata.

A Kamanga, apampando athu: "Tidikire okushoni atsegule, mayi. Fodya akadali m'zigafa, anthu alibe kanthu." Ndikuwafunsa ngati mawondo a mwana akudziwa tsiku la okushoni. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu sindikulunga m'nsalu.

Ndagamula ndekha. Loweruka kuli ukwati wachiphamaso: mkwati wabodza, mkwatibwi wabodza, perekaniperekani weniweni. Diresi ndisoka ine. Makina ndinadziphunzitsa ndekha, landikanika liti diresi?

Lachiwiri

Kusaka akwati. Okana:
aphunzitsi, akuti ana asukulu aziwaseka
a Kamanga, akuti mayi akunyumba amadwala kuthamanga kwa magazi
mtsikana wa pa golosale, chibwenzi chake chili ku Joni, chingaone zithunzi pa foni

Amantha okhaokha!

Avomera a Zuze ndi akazi awo a Nasibeko, matenanti a pa esiteti ya kuseri kwa dambo. Ana asanu ndi awiri, zidzukulu zitatu, ukwati wa velo sanapangepo. A Zuze funso lawo ndi limodzi: "Nyama idzakhalako?" A Nasibeko akungoyang'ana pansi n'kumamwetulira.

Diresi ndi katani wa kuchipinda kwanga. Velo ndadula ku neti ya udzudzu, mbali yopanda zigamba.

Lachitatu

A Nasibeko abwera kudzayesa. Manja bii ndi phula la fodya, asamba katatu asanakhudze nsalu. Avala, aima pa galasi, sakuchokapo. Kenako misozi. "Mayi telala, ameneyu ndi ine?" Ndikuti ndinu, koma kumbukirani kuti ndi masewera. Akuti eya, koma eya wake ndi wa munthu amene sakumva.

Masana kwa mayi Nambewe. Tadala akupapasa velo ndi zala, akuti ikununkha mankhwala a udzudzu. Mwana ameneyu sungamunamize. Akufunsa ngati dziwelo ndi lalikulu ngati nyumba yawo. Ndikuti kuposa. "Nanga ndikamira?" Ndikuti ndidzakugwira ine.

Pobwerera ndikukumbuka kuti ine kusambira sindidziwa.

Lachinayi

Zavuta! Esiteti yonse yamva kuti a Nasibeko akumanga ukwati woyera. Wawauza ndani? Eni ake. Mawu oti wachiphamaso atayika panjira.

Afika pakhomo panga lisanatuluke bwino dzuwa:
ankhoswe awiri pa njinga imodzi, akuti sanauzidwe mwaulemu
mkulu wa mpingo, akuti ukwati wosalengezedwa m'tchalitchi sakuudziwa
amayi asanu a chilangizo

Chilangizo! Kwa munthu wa zidzukulu zitatu! Akamulangiza chiyani chimene sanachione?

Ndapita pa mjigo, ndaima pa simenti, ndanena mokweza kuti ndi masewera opezera ndalama za mwana. Mayi wina ali ndi ndowa pamutu: "Nsanje basi, poti inu velo simunavalepo." Ndi zoona sindinavalepo, koma zikukhudzana bwanji? Ndamuyankha mawu amene sindilemba muno.

Lachisanu

Mkwati wasowa. Ndamufuna ku chigayo, ku bawo, kwa ogulitsa kachasu. Ndikumupeza pamwamba m'chigafa, akupachika fodya amene anapachikidwa kale.

"Munati masewera, mayi. Tsopano akuti mphete, akuti ndilonjeze pagulu. Ine kulankhula pagulu mawondo amagundana." Ndikuti tsikani, bambo, mawondo anu akugundana koma akuyenda, a Tadala sakuyenda. Akukana. Ndakuwa mpaka agalu a pa esiteti ayankha. Akukanabe.

A Nasibeko afika, aima pansi, manja kumbuyo. Posakhalitsa a Zuze atsika okha. Ine mawu atha, mmero ukuwawa, mnzanga sanatsegule n'komwe pakamwa.

Keke palibe. Taphika zigumu zitatu, tasanja chimodzi pamwamba pa chinzake. Zapendekeka ngati chigafa cha waulesi.

Loweruka

Anthu pabwalo la sukulu ngati pa msonkhano wa makuponi a feteleza. Mtima pansi! Ndaika lichero lalikulu la ndalama kutsogolo, nyimbo zayamba, woyendetsa mwambo akuitana mbali ya kuchikazi.

Akubwera akuvina, mzere wautali. M'manja muli:
mbale
makapu apulasitiki
zipande, zipande, zipande
nkhuku yomanga miyendo
bafa lalikulu lachitsulo, loti munthu angachapiremo mabulangete atatu, amayi a pa esiteti asonkherana

Zonse akuika pamapazi pa mkwatibwi. M'lichero langa mukugwa timakobidi, kulira kwake ngati mvula yoyamba pa malata, kadontho apa kadontho apo.

Ndalanda chimkuzamawu. Ndikuti loji salandira zipande! Ndikuti amene muli ndi ndalama mwazikhalira, ndikukuonani! A golosale ndi aphunzitsi, okhawo amene anali ndi kanthu m'thumba, anyamuka n'kumapita.

A Zuze aimirira, agwira dzanja la akazi awo. "Mayi awa andipirira kuyambira kwathu ku Mulanje mpaka m'fodya muno. Ndi omwewa basi." Nthungululu bwalo lonse. A Nasibeko akulira, ankhoswe akulira, inenso ndikulira, koma anga ndi a mkwiyo. Ndikuganiza choncho.

Tadala ali pamiyendo pa mayi Nambewe, akuvina ndi mapewa. Wamva fungo la mafuta a makina pa zovala zanga. "Azakhali, zakwana?" Mayi Nambewe andiyankhira: "Idya chigumu, mwanawe."

Lamulungu

Za m'lichero sizingatifikitse ku Boma ngakhale ulendo umodzi. Potuluka m'tchalitchi a Kamanga andipatsa moni wautali, waulemu kwambiri, osatchula okushoni. Bola akanangonena.

Ndikupita kwa mayi Nambewe kukauza mwana zoona. Ndikupeza a Nasibeko afika kale, bafa lija alitula pabwalo. "Zipande ndi zanga, mayi telala. Ili ndi la mwana."

Tatereka madzi, tathira mpaka m'khosi mwa bafa, tamuikamo Tadala. Wagwira m'mphepete mwamphamvu. Kenako phazi limodzi layandama lokha, waseka. Bondo lamanzere latambasuka pang'ono, pang'ono zedi, mwina ndi maso anga. Anzake atatu aja aima pamzere, malaya avula kale.

"Azakhali, dziwe lija ndi limeneli?" Ndikuti ayi, ili ndi bafa. Dziwe tidikira fodya agulitsidwe.

"Ndadziwa, ndagunda mbali zonse. Onjezerani otentha."

Ndatenga ndowa, ndikupita ku mjigo. Anayi onsewa, maulendo akhala ambiri.