A Chidyanji ndi Mtengo wa Mandimu

Malemu a Chidyanji sankatha kudutsa tsamba lobooka osaima. Ankalitembenuza n'kufunsa kachilombo kali kunsi kwake kuti kamadya chiyani, ndipo dzinalo linachokera pomwepo. Ankagwira ntchito yofufuza tizilombo todya zomera. Atapuma, ntchitoyo anangoisamutsira kunyumba, ndipo amene anaimva kuwawa ndi akazi awo.

Mayiwo anali ndi mtengo umodzi wa mandimu kuseri kwa khitchini, wodzala okha. Ankangofuna kuti ubereke, basi. Koma bambowo ankati kupeza mbozi pa tsamba si umboni woti imadya tsambalo, mwina ikungopumapo. Ndiye ankatola mbozi pamtengopo, kuziika m'mabotolo a kukhitchini, n'kuzipatsa masamba osiyanasiyana kuti aone limene zisankhe. Tsiku lina mlendo anatsegula botolo la shuga, n'kupeza mbozi yobiriwira ikumuyang'ana. Tiyi anamwa wopanda shuga, ndipo sanabwerenso.

Kenako katani ya pabalaza inasowa. Mayi anakaipeza pa mtengo wawo itadulidwa timatumba, kalikonse katamangidwa kunthambi, mbozi zili m'kati zikudya mosatekeseka.

"Bambo, ndiye mwazimangira nyumba kuti mbalame zisazidye?"

"Ndikufuna ndione kuti imodzi imamaliza masamba ochuluka bwanji, mayi."

"Nanga ine, munayamba mwandifunsapo kuti ndimadya chiyani?"

Mayi anagula mankhwala opopera. A Chidyanji anawakweza pamwamba pa kabati, n'kupempha kuti adikire kaye mbozizo zisanduke agulugufe, poti mtundu wa mbozi umadziwika bwino ikamera mapiko. Mayi anadikira. Agulugufewo anaikira mazira pamtengo womwewo, nkhani n'kuyambiranso. Ngakhale zitosi za mbozi zinali zoletsedwa kusesa. Bambo ankaziyeza pa sikelo ya makeke, moti mayi anasiya kuphika makeke.

A Chidyanji anamwalira mvula itangoyamba, mtengo ukuphukira. Maliro atatha, mwana wawo wamkazi anatsitsa mankhwala aja, nati tsopano amayi alawe mandimu awo. Mayi anavomera kuti apopere mawa lake. Koma pawindo panali patatsala botolo limodzi, mbozi ili m'kati, masamba atauma. Mwanayo anaimvera chisoni n'kuponyamo tsamba la kabichi.

Mayi anakalipa, "Iwe, ukufuna mboziyo ife ndi njala? Imeneyo sidya kabichi."

Mayi anatuluka akung'ung'udza, nakathyola masamba anthete kwambiri pa mtengo wawo. Mawa lake anati kuli mphepo, mankhwala angauluke. Mkuja wake anati adikire kaye imere mapiko.

Masiku ano mumsewu wathu masamba obooka palibenso woimapo, anthu amangodutsa. Mankhwala anabwerera pamwamba pa kabati, pabalaza palibebe katani, ndipo mandimu mayi amagula kumsika. M'mawa amamveka kuseri kwa khitchini akukalipira mbozi kuti kudya zimadya, koma kuthokoza ayi, ngati mwini wake, malemu aja.