Mphatso ya Abambo Kasimu

Biwi yense ankadziwa kuti Abambo Kasimu, telala wa pakhonde la golosale, sangayambe tchesi osapereka mphatso. Akangokankha kamsilikali ka patsogolo pa mfumu, kachiwiri ankakaika pakamwa pa mdani kuti adye ulere. Akatswiri amati King's Gambit, koma iwo ankati ndi ulemu.

"Mlendo amayamba wadya, nkhani pambuyo," ankatero.

Ambiri ankadyadi, n'kuchoka akukanda m'mutu. Pa mpikisano wina ku Area 25, mphunzitsi wina atadya, iwo anamufunsa ngati mchere wakwana. Woyang'anira atawakumbutsa kuti pampikisano salankhula, anapitiriza kufunsa ndi nsidze.

Yekhayo amene sankadya anali mnzawo Lucious, mkulu wa ku Ntcheu wosakhulupirira chaulere chilichonse, ngakhale lifiti.

"Idyani, achimwene."

"Nyambo imeneyo. Ine si mlamba."

"Mukundikanira chakudya pakhomo panga?"

"Pano m'pagolosale."

Zaka zinapita choncho. Lucious ankayesa nthabwala, mpaka Abambo Kasimu atadwala mwakayakaya, akazi awo anamukokera pambali.

"Alamu, anzanuwa zimawawawa. Akuti Lilongwe yense wadya kwawo, kupatula mnzawo weniweni."

Lucious anachita manyazi. Anatenga bolodi n'kukaliyala pabedi. Wodwalayo anakankha kamsilikali kaja mpaka pamalo pake. Lucious anakayang'ana, nadya.

"Amake Irene, thamangani! Wadya!" anakuwa Abambo Kasimu poitana akazi awo.

Pomwepo bishopu wa Abambo Kasimu anatuluka, hatchi inadumpha, mfumukazi inabwera ngati mwini nyumba wapeza mbuzi m'dimba. Tiyi asanazizire, mfumu ya Lucious inali itasowa kothawira.

"Zimenezi ndinakusungirani kuyambira kalekale," anatero Abambo Kasimu. Anaseka mpaka kutsokomola, Lucious akupukuta misozi yomwe sinali ya kuseka kokha. Sabata yomweyo anawaika m'manda.

Masiku ano pakhonde paja pali zii. Makina osokera anachotsedwa, ndipo achinyamata amaloweza kayambidwe ka masewera pafoni, palibe wopatsa mnzake kanthu. Koma Lucious akakhala pansi amakankha kamsilikali kaja, ngakhale zotsatira zake sazidziwa ndipo amagonja pafupifupi tsiku lililonse.

"Idya, mwanawe."

"Ayi, madala, imeneyo ndi nyambo."

Lucious amangoyang'ana pomwe panali makina paja. Tsopano akudziwa mmene zimawawira.