Nsapato ya Lusiya ndi Phazi la a Malume

Nkhani iyi anthu a kuno amaikamba okha ndipo amaithira mchere wambiri. Lero ndiikamba ndekha, ndi manyazi ake omwe, kuti mukamandiseka muzindiseka zoona. Koma ndineneretu, ine sindinalakwe, ndipo mpaka lero palibe amene ndinamupepesa!

Ndine Selesitino. Kwathu ndi ku Chidzolomondo, koma ndinakwatira chikamwini kufupi ndi Ntengo-Wambalame. Munda wa mbatatesi umene ndimalima ndi wa kwa akazi anga, nyumba ndinamanga pamalo a kwa akazi anga, ngakhale galu amene amandiuwa ndikachedwa kubwera ndi wa apongozi.

Ndili kale ndi ana awiri, ndinaganiza zobwerera kusukulu kukamaliza décima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale kuno ku Mozambiki, ija ya à distância yokumana ndi aphunzitsi Loweruka lokha. Mudzi wonse unaseka. Akuti mkamwini asamakule mwendo, cholembera chake ndi khasu. Ine ndinati sekani, tidzaonana ndikadzavala tayi.

Pa maphunziro onse, Inglês, Chingerezitu, ndiye ndinkaona kuti ndi yanga. Kumsika wa m'malire ndikanena kuti "last price", Amalawi amamva. Akazi anga a Marita anabadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo ndipo anaphunzira konko mpaka Fomu 2, koma ine kuwapempha kuti andiphunzitse? Nunca, zosatheka! Pamudzi pa eni mwamuna umafunika kutsalako ndi kanthu kena kodzitama nako.

Loweruka lina a pulofesoro athu, kamnyamata ka ku Tete kovala nsapato zosongoka, anati galamala yapabolodi yakwana, tsopano tiyese kuwerenga. Anatigawa awiriawiri, gulu lililonse ndi kankhani kake kokambirana. Ine anandipatsa Lusiya, mayi wa ana atatu wogulitsa nyemba pamsika. Kankhani kathu kanali ka m'sitolo ya nsapato, ine wogulitsa, Lusiya wogula.

"Sindikufuna kuwerenga kwa pamaliro," anatero a pulofesoro. "Ndikufuna vida, moyo! Wogulitsa agwade, agwire phazi, ayese nsapato. Amene angoima ngati chitsa, negativa, walephera basi, ndipo ezame, mayeso omaliza aja, sadzalemba."

Vuto linali loti tikayesezere kuti. Kwathu sikukanatheka, pali apongozi. Kwa Lusiya ndiye kosayamba, mwamuna wake a Bonifasiyo amanyamula thumba la feteleza ndi dzanja limodzi. Ndiye ine, ndi nzeru zanga zonse, ndinati tikakumane Lachitatu masana kuseri kwa madimba, pansi pa mkuyu, komwe sikudutsa anthu.

Inde, ndikudziwa. Musandiuze.

Tinayamba bwinobwino. Lusiya anakhala pa muzu, ine n'kugwada, pepala m'dzanja lamanzere. Ndinamuvula nsapato yake yapulasitiki yofiira, n'kuyamba kumuvekanso monga a pulofesoro ananenera.

"Good morning, madam. What size do you take?"

"Size five. Oh, it is too tight! You are hurting me!" anawerenga Lusiya. Ndiye poti ndinali nditamugwira pansi pa phazi, anayamba kuseka chikhakhali. "Iii, a Selesitino, mukundigirigisha!"

Nthawi yomweyo ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Kucheuka, apongozi anga aakazi, mtolo wa nkhuni pamutu, kukamwa yasa!

Apa ndiye mundimvetse bwino, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Mkamwini akakumana ndi apongozi aakazi panjira amapatuka, amalowa patchire, sayang'anana nawo. Chikwatirire ndakhala ndikutero, ndipo apongozi omwewo ankandiyamikira kwa anzawo kuti ndine waulemu. Ndiye miyendo yanga inangochita zomwe inazolowera. Ndinalumpha n'kulowa m'tchire, liwiro la mtondo wadooka. Unali ulemu umenewo, abale, ulemu weniweni!

Nditafika kutsidya kwa mtsinje m'pamene ndinazindikira kuti nsapato ya Lusiya ili m'manja mwanga.

Ndinaiponya m'thumba la jekete, n'kuzungulira njira yaitali kuti mtima ukhale pansi. Koma nkhani ilibe njira yaitali. Pofika pakhomo ndinapeza a Marita ali pakhonde akusankha nyemba, nkhope ili gwa.

"Bambo a Jowana, mwaswera bwanji kumaphunziro?"

"Ndaswera bwino, amayi."

"Nanga m'thumbamo mwatitengera chiyani?"

Kuyang'ana, chidendene chofiira chili pamtunda.

"Ndi material ya kusukulu," ndinatero.

"Material ya phazi limodzi? Mwini wake wapita kwawo akudumphadumpha ngati khwangwala, mudzi wonse ukuona!"

"Mundimvere kaye, amayi, ndi Inglês imeneyi..."

"Inglês ya pansi pa mkuyu? Nanga munathawiranji?"

"Ndimapatukira amayi anu!"

"Kupatuka mpaka kuwoloka mtsinje?"

Pakhomo panali thumba la feteleza lomangidwa kukamwa. Ndinadziwa kuti ndi zovala zanga, chifukwa mwendo wa buluku langa la kutchalitchi unali lende panja. Apo mantha anandigwira zenizeni. Mkamwini akachotsedwa amapita ndi thumba lokhalo, ana amatsala kwa amayi awo. Ndinayang'ana Jowana ndi mng'ono wake akusewera pabwalo.

M'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi. Woweruza anali a Damiyano, malume a akazi anga, omwenso ndi nkhoswe yathu. Nkhoswe ya mbali yanga inali ku Chidzolomondo, ndipo foni yake imagwira pokhapokha akakwera pachulu, choncho ndinali ndekhandekha. Apongozi anakhala chapatali atatifulatira. Lusiya anabwera maso ali ofiira, a Bonifasiyo ali pambali pake akuthyola zala. Oonerera ndiye osanena, ngakhale amene amati akudwala msana tsiku lopalira anafika msanga.

A Damiyano anaika nsapato ija pakati pa bwalo.

"Bambo, nkhani ndi yachidule. Mwapezeka mutagwada, mutagwira phazi la mkazi wa mwini, kuseri kwa madimba. Mwathawa. Mwathawa ndi nsapato. Ife sitifuna kupasula banja. Vomerani, mupepese kuno ndi uko, sukulu ija musiye, thumba libwerere m'nyumba."

Munthu wanzeru akanangoti chabwino. Koma ine magazi anakwera.

"A malume, sindivomera! Ndivomere chiyani? Kugwada anatiuza ndi a pulofesoro. Kuthawa munandiphunzitsa ndinu nomwe, kuti mkamwini asaonane ndi apongozi. Ndikanaima n'kuwayang'ana m'maso, bwenzi lero mukundizenga mlandu wamwano. Ndapatuka, mukuti ndine wachiwerewere. Nanga mumafuna ndilowe pansi? Sukulu sindisiya, ndipo sindipepesa. Pronto, ndamaliza!"

Wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti, "Mwendo uja wakuladi."

Ndinatulutsa pepala lija n'kuwapatsa. A Damiyano analitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Pepala silinagwire phazi la munthu, bambo. Tionetseni zomwe mumachitazo, tione ndi maso."

"Ndichita pompano!" ndinatero. Mumtima ndinkati lero adziwa kuti m'mudzi muno muli munthu wophunzira.

A Bonifasiyo anadzuka. "Phazi la mkazi wanga aligwirenso ine ndikuona? Ndimuthyola pakati!"

"Khalani pansi," anatero a Damiyano. "Mayiyo awerengere pomwe aliripo. Phazi nali langa."

Anavula jombo.

Abale, ndaona mapazi pamoyo wanga, koma limenelo! Phazi lolima mbatatesi kuyambira nthawi ya Apwitikizi, ming'alu yake yoti mutha kubzalamo nyemba. Koma ndinali nditalankhula kale zazikulu. Ndinagwada pamaso pa mudzi wonse, nsapato yofiira kumanja, pepala kumanzere.

"Good morning, madam."

"Madamu ndani?" anakalipa a Damiyano.

"Ndi mmene alembera, a malume. What size do you take?"

"Size five," anayankha Lusiya ali uko.

Ndinayamba kukankha nsapato. Munalowa chala chachikulu chokha.

"Oh, it is too tight! You are hurting me!" anawerenga Lusiya.

"Mayo ine! Chikhadabo changa, iwe!" anakuwa a Damiyano.

Anthu anayamba kugwa ndi phwete. Ine sindinawalabadire, ndinadziwa kuti kutsogoloku kuli chiganizo chachitali chimene chiwatseke pakamwa. Pansi pa mkuyu paja tinali tisanafikepo, koma ndinkaona kuti ndingodutsa. Ndinakonza kukhosi.

"Would you... wudu yu laiki... to try ano... anatha..."

Zilembo zinayamba kuyendayenda ngati nyerere. Ndinabwerera poyambira. Ndinakakamiranso pomwepo. Ndinadumpha mzere, n'kugwera pa liwu lina lalitali ngati njanji.

"These are very com... comfo... komfo... confortável, sim senhora!"

Thukuta linali kamukamu, chonsecho kunkazizira. Ndinadumphanso mzere wina n'kupezeka ndikuwerenga mbali ya Lusiya, ndikudzifunsa ndekha n'kudziyankha ndekha. Lusiya anandinong'oneza liwu, ine ndinamukalipira kuti ndikulidziwa. Sindinkalidziwa. Mapeto ake ndinkangotulutsa phokoso, pang'ono Chipwitikizi, pang'ono Chichewa, kwinaku ndikupotokola phazi la nkhoswe.

Nditakweza maso ndinaona a Marita ataphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Mtima wanga unasweka. Ndinati mkazi wanga akulira, banja latha basi.

Kenaka chitenje chinagwa. Munthu akuseka mpaka misozi!

"Malume, musiyeni," anatero akupuma movutikira. "Thumba lija libwerere m'nyumba. Bambo a Jowana sanafunsire munthu. Ndi Chingerezi chimenechi sangapemphe ngakhale madzi akumwa!"

"Amayi, lilime lauma ndi chisanu!" ndinatero.

"N'chimodzimodzi kukatentha," anatero Lusiya, amene tsopano anali atapeza mphamvu. "Akuluakulu, m'kalasi monse palibe amene ankafuna kukhala nawo gulu limodzi. Ine a pulofesoro anachita kundipempha, akuti ndine woleza mtima."

Zimenezo sindinkazidziwa, ndipo mpaka lero ndimati ndi bodza.

Chimene chinandipweteka koposa ndi a Bonifasiyo. Munthu amene anabwera kudzandithyola anadzuka, n'kutola nsapato ya mkazi wake, n'kundigwira paphewa mwachisoni.

"Pepani, achimwene. Limbikirani, mwina zidzatheka."

Bola akanandimenya!

Ine ndinaimirira, n'kusasa fumbi m'mawondo. "Sekani, koma mlandu ndawina. Ndipo ndanena kale, sukulu sindisiya, wina afune asafune!"

A Damiyano anali akuvala jombo yawo mosamala, akuuzira chala. "Za chigololo zatha, palibe mlandu. Yatsala ya sukuluyo. Mwini dandaulo ndi mlongo wangayu, amene anaona zonse. Achemwali, mukuti bwanji? Asiye?"

Ndinakonzeka kumenya nkhondo ina. Mawu ndinali nditawasanja kale, ndipo ena anali a Chingerezi.

Apongozi sanacheuke. Anakonza mpango wawo, n'kulankhula chofulatira, modekha ngati akupempha mchere.

"Muuzeni mkamwini asayerekeze kusiya, ndipo ngati n'kotheka azipita ndi Lamulungu lomwe. Ine Chingerezi sindichidziwa, koma chimene ndamva apachi si chimenecho."

Ndiye musamanyoze umbuli, abale, ena umawamanitsa ntchito, koma ine unandisungira banja.