Tsiku Limene Ndinakiyira Mkazi Wanga Panja

Kwa apongozi anga ku Tengani sindipitako momasuka masiku ano. Ine ndimati inalakwa ndi foni. Mkazi wanga amati ndine.

Ana atatsekera sukulu, tinanyamuka ku Blantyre pa galimoto ine, mayi a Chisomo ndi ana athu awiri. Kalekale ndinali nditasunga malo a apongoziwo pa mapu a m'foni, nditaima pabwalo pawo penipeni. Ndinkadziwa kuti madzi osefukira atawononga, mudzi wonse unasamukira kumtunda. (Ndinkayesa kuti mudzi ukamasamuka umangosendera pang'ono.)

Titapitirira Bangula, mayi wolondolera njira pa mapu a m'foni uja anati tikhotere kumanzere, kolowera ku Shire.

"Kumanja, bambo a Chisomo," anatero mkazi wanga. "Amayi ali kumtunda."

"Foni imaona kuchokera kumwamba," ndinayankha.

Ndinakhotera kumanzere. Msewu unasanduka njira ya ngolo, kenako ya njinga, kenako mchenga wokhawokha, bango likukwapula magalasi mbali zonse. Ana anasiya kulimbirana masikono. Ndiye foni ija, mwaulemu ndithu, inati tafika.

Mtengo wa mango ndinauzindikira. Koma nyumba panalibe. Panali maziko okha, ndi mtondo wokwiririka theka mumchenga. Dzuwa linali paliwombo, komabe sikunkamveka nkhuku, galu, ngakhale mbalame. Foni inabwerezanso kuti tafika, popanda woikhudza.

Mkazi wanga anatsika n'kukaima pamene panali khomo la amayi ake. Pomwepo bango linayamba kugwedezeka, mphepo kulibe. Munatuluka chinthu chotuwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso okha ndi amene ankaoneka. Chinayenda pang'onopang'ono, n'kutchula dzina la mkazi wanga la paubwana, limene ngakhale ine sindilitchula.

Ndine munthu wa mpingo, ndipo sukulu ndinapita. Koma chala changa chinadina batani lokiyira, zitseko zonse za galimoto n'kuti khatha.

Mkazi wanga anatembenuka n'kundiyang'ana kudzera pagalasi. Anayesa chitseko. Anagogoda. Ine manja ali gwa pachiwongolero. (Ndimati ndinkateteza ana. Anawo amati ndinali nditatseka maso.)

"Adadi," anatero Chisomo kumbuyo, "mzukwawo wanyamula dengu."

Anali azakhali ake a mkazi wanga. Dimba lawo lidakali kumudzi wakaleko, ndipo tsikulo ankachokera kudambo kokumba nyika, mizu yodyedwa ya m'madzi, matope atawaumira thupi lonse. Anafika pawindo langa n'kuwerama.

"Akamwini, tsekulani. Tikadali amoyo."

Ndinatsegula. Ndinawapempha mwakachetechete kuti nkhaniyi ithere pomwepo, pakuti mkamwini alibe china kwa apongozi koma ulemu wake.

"Takhuta potikweza," anathokoza m'chilankhulo chakwawo, akukhala kutsogolo ndi matope awo. "Ine sindine wolongolola."

Anatilondolera okha mpaka kumtunda, foni ikuumirirabe kuti tibwerere. Anasungadi chinsinsi mpaka pamene ndinazimitsa injini.

Madzulo ake, apongozi aamuna, amene sanasekepo nane chikwatirireni mwana wawo, anafika pakhomo la chipinda chathu chopanda chitseko, chansalu chabe, n'kuima panja.

"Odi, akamwini. Mwakiya?"

Malo akale aja sindinawafufutebe m'foni. Mkazi wanga akuti ndiwasiye, kuti tsiku lina akadzanditopa adzadziwe kokandisiya. Makiyi a galimoto amasunga iye.