Kampavani ya Hayala ndi Sofa ya Che Jafali

Mpaka lero ndikaona galimoto yoyera yaitali ikudutsa mumsewu, ndimayang'ana kumbali. Nkhaniyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma yandiyabwa pakhosi nthawi yaitali, bola ndingoulula.

Munali mu 2018, chaka chija dzuwa linawala kuno ku Mangalande ngati laiwala kwawo. Ine ndi mayi a kunyumba, amake Tadala, tinapatsidwa holide sabata imodzimodzi, zomwe kwa ife a mashifiti osamalira okalamba sizichitikachitika. Ndinati tikaone anzathu akale, koma tiyende mwa chizungu. Lachitatu tinakachita hayala kampavani, galimoto zija mkati muli bedi, kakhitchini, shawa ndi chimbudzi chomwe. Kubweza Lolemba. Pathupi pake panalibe ngakhale kadzina ka kampani (apa ndi pamene Satana analowera).

Tinayambira ku Loughborough kwa a Gondwe, mnzanga wa ku sekondale, pano mkulu wa mpingo. Tisanazimitse injini, akazi awo anatuluka ndi nthungululu.

"Alamu! Mwagula?"

Yankho lake linali lalifupi: ayi, ndi ya hayala. Koma ine ndinayang'ana kumwamba n'kuti, "Zonse ndi Mulungu, alamu."

Amake Tadala ananditsina pantchafu. Ndinapirira. A Gondwe anasanjika manja pa boneti n'kuyamba kupempherera galimoto yatsopano, kuthamangitsa ngozi, nsanje ndi maso a anthu. Anatchulanso kuti ine ndine chitsanzo cha kulimbikira. Ndinayankha ameni wamkulu kuposa aliyense. Pomwe tinkatsegula maso, chithunzi cha galimotoyo chinali chitalowa kale pa gulu la WhatsApp la Amalawi.

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Wanga unakafika ku Nottingham ine ndisanafike. Kwa mayi Phiri, omwe tinkagwira nawo ntchito kale, tinapeza anthu asanu ndi atatu akutidikira pageti. Analowa mkati, kutsegula firiji, kuyesa bedi, wina mpaka kufulasha chimbudzi kuti amve kulira kwake. Pofika madzulo inali itasanduka "galimoto yathu".

"Ndiye chinkhoswe cha mwana wanga mu Seputembala transipoti yapezeka," anatero mayi Phiri. "Azimayi azivaliramo zitenje."

"Palibe vuto," ndinatero ine, mwini galimoto.

Anatipatsa usipa wochokera kumudzi, ndipo Lachisanu m'mawa ndinaukazingira mkatimo mawindo otseka. Amake Tadala anali atasiya kundilankhula, ankangoyang'ana ng'ombe za azungu pawindo.

Malo otsiriza anali kwa Che Jafali ku Spinney Hill, dera la mumzinda wathu womwe. Apa ndiyenera kuvomera mlandu wina. Che Jafali ndi amene anandilandira nditangofika kuno ndi chikwama chimodzi. Ndinagona pa sofa yawo miyezi isanu ndi iwiri, osandifunsa kanthu. Anandionetsa basi, anandibwereka jekete yopitira ku intaviyu. Zitandiyendera ndinasamukira ku Evington, ulendo wa phazi wosakwana ola, koma zaka zitatu zinatha ndisanawapondere pakhomo. Iwo mapepala awo anachedwa kutuluka, ankangogwira timaganyu, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti pano akugwira kuti. Tsopano ndinkapita kukawaona nditakwera nyumba ya matayala.

Tinafika masana. Ndinaima pakati pa msewu, iwo n'kubwera pawindo akumwetulira, kofia kumutu.

"Takulandirani, achimwene. Chipinda takonza. Ife ndi mayi tigona pabalaza, inu mugone pabedi pathu. Mashiti ndi atsopano."

Munthu wanzeru akanathokoza. Ine ndinaseka n'kumenya chiwongolero.

"Musavutike, Che Jafali, tabwera ndi nyumba yathu. Muno muli zonse, mwinanso kuposa mwanumo."

Kumwetulira kuja kunazima. Anangoti, "Chabwino. Pakani kaye."

Amene amaidziwa Spinney Hill akudziwa kuti misewu yake anaimanga kulibe galimoto. Nyumba zogundana, galimoto mbali zonse ziwiri, pakati kanjira kokwana ngolo. Ndinaona kampata pafupi ndi butchala ndipo ndinayamba kubwerera chammbuyo. Mchira unalowa, mutu unakana. Ndinapita kutsogolo, galasi la m'mbali linatsala pang'ono kupsompsona vani ya munthu. Ndinabwereranso. Kachinayi, kampavani inali itapingasa msewu wonse, osapita kutsogolo, osabwerera.

Ndipo linali Lachisanu, nthawi yoweruka ku mzikiti. Msewu unadzaza azibambo a mikanjo yoyera, aliyense ndi malangizo ake, wina akuloza kumanja, wina kumanzere. Mahutala kumbuyo ngati ukwati. Wa butchala anatuluka ndi epuloni yake kudzaonerera. Thukuta linanditsika mpaka m'masokosi, ndipo ndinayatsa mawaipa m'malo mwa indiketa (dzuwa lili phwee).

Che Jafali anatsegula chitseko cha kampavani. "Tatsikani, achimwene."

Ndinatsika pamaso pa khamu lonse lija. Iwo anakwera, osasuntha mpando, osafunsa giya ili pati. Dzanja limodzi pachiwongolero, kawiri kokha, galimoto inalowa pakampata paja ngati inabadwira pomwepo. Anthu anawomba m'manja. Ndinakumbuka kuti bamboyu anayendetsapo minibasi ku Limbe zaka zambiri, ndiye ndinati ndiyamikire mwaulemu wa bwana.

"Dzanja la ku Limbe silinathe, eti? Mwaizolowera msanga galimoto yanga."

Anandikokera pambali, kutali ndi makutu a anthu, n'kundiika makiyi m'manja.

"Iyi ndimaitsuka ine, achimwene. Ndimagwira kumene mwaitengako. Kabati ya pamwamba pa sinki imatseguka yokha pa kona, si choncho?"

Inkatsegukadi. Inali itandimenya kale pamutu ku Nottingham.

"Chithunzi ndinachiona Lachitatu, nambala ndinaidziwa. Sindinauze munthu, musadandaule." Ananunkhiza mpweya. "Koma usipa uwu mwandilakwira. Fungo lake Lolemba likandipweteka ine."

Ndakhalapo ndi manyazi pamoyo wanga, koma awa anaposa onse. Munthu amene ndinkamuuza kuti nyumba yanga ikuposa yake ndi amene ankakolopa chimbudzi cha nyumba yangayo, ndipo masiku atatu onse anandisungira ulemu umene ine sindinamusungire. Amake Tadala anatsitsa zikwama osandifunsa, n'kulowa m'nyumba.

Tinagona kumeneko masiku awiri. Bedi ndinalikana, ndinapempha sofa yanga yakale. Sipuling'i ija inali pomwe ndinaisiya, pansi pa nthiti. Lamulungu lonse ndinakhalira kukwecha kampavani ndi sopo ndi viniga, Che Jafali atakhala pa sitepe akumwa tiyi n'kumandilozera pomwe ndasiya.

Masiku ano Loweruka lililonse ndimapita kwawo wapansi. Mwina mukuganiza kuti ndinakaululanso ku Loughborough ndi ku Nottingham. Ayi ndithu. Chinkhoswe cha mayi Phiri chitayandikira ndinawauza kuti galimoto ili ku galaja, ndipo mpaka pano a Gondwe akuipempherera kuti ituluke.

Che Jafali okha ndi amene amandipatsa malipoti oona. Ndikangokhala pa sofa paja, amathira tiyi n'kunena nkhope ili gwa: "Galimoto yanu ija, bwana, sabata ino yapita ku Scotland."